Mizere Itatu Pachitini cha Phoso

Ndinachotsedwapo ntchito kamodzi kokha pamoyo wanga, ndipo ndinalembedwanso ntchito yomweyo, pamalo omwewo, ndi anthu omwewo, phulusa la pamafuwa pomwe tinkaphikira lisanauluke n'komwe. Ana a masiku ano ndikawauza zimenezi amagwedezana, amati agogo ayambapo. Ine sindinama. Kafunseni aliyense wa msinkhu wanga pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Ambiri anamwalira, koma kafunseni.

Zinali m'zaka za m'ma 1970, nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu unkatha kuiwala nsapato kunyumba koma osati khadi. Ndinkagwira ntchito pa esiteti ina ya fodya chapakatikati pa malo awiriwa. Mwini wake anali munthu wamkulu wa kutauni yemwe sitinamuonepo. Amene tinkawaona anali a manijala, oyenda panjinga yamoto, ndi a kapitawo, oyenda wapansi koma ofika msanga kuposa njingayo akakhala ndi nkhani yoipa yokapereka.

Ntchito yanga inali yoyendetsa ngolo. Dzinja likafika lole inkalephera kuwoloka dambo, choncho feteleza ankamutsitsira ku Nathenje, kumsewu wa tala, ine n'kumakamutenga. Masiku ena ndinkapita ndi chimanga kuchigayo ku Mitundu. Ng'ombe ndinali nazo ziwiri, yofiira ndi yakuda. Yofiira inali ndi nzeru, yakuda inali ndi mphamvu, ine ndinali ndi chipewa.

Pa esiteti imeneyi mbiri ya wantchito siinkalembedwa m'buku. A manijala ankati munthu wosadziwa kuwerenga amatsutsa buku, koma sangatsutse chitini chake. Aliyense wolembedwa ntchito ankapatsidwa chitini choyezera phoso, ufa wa pasabata uja, ndipo chinkapachikidwa pamsomali wake m'sitolo ya esiteti. Loweruka lililonse tinkaima pamzere, a kapitawo n'kutsitsa chitini chako, kuyezera ufa m'dengu lako, n'kuchipachikanso. Fodya akatha kugulitsidwa, ankaboola chibowo chimodzi ndi msomali m'mphepete mwa chitinicho, kusonyeza kuti watha chaka. Ukalakwa, ankatenga penti yofiira yolembera mabelo n'kujambula mzere pamimba pa chitinicho. Zaka zako ndi milandu yako zinkakhala pamodzi, ndipo anzako onse ankaziona Loweruka lililonse. Mizere ikakwana itatu sankalankhula zambiri. Ankatsitsa chitini n'kukupatsa m'manja. Kwathu kumeneko munthu akati "uje wapatsidwa chitini," amayi ankayamba kumanga mitolo.

Zibowo zikakwana khumi, unkasamuka ku mzere wa nyumba zaudzu kupita ku mzere wa nyumba za malata. Nyumbazo zinali za njerwa, zitseko zake za matabwa, ndipo amayi okhala kumeneko ankayenda mosiyana ndi anzawo popita kuchitsime. Mkazi wanga anaziyang'ana nyumba zimenezo kuyambira tsiku lomwe ndinamubweretsa. Yathu yaudzu inkadontha kwambiri moti mvula ikayamba tinkatuluka panja kukabisala. Chaka chomwe ndikunenachi chitini changa chinali ndi zibowo zisanu ndi zinayi. Chinatsala chimodzi basi. Mkazi wanga anali atasankha kale ngodya yoikapo mtsuko.

Chitinicho chinalinso ndi mizere iwiri, yonse yosayenera.

Woyamba ndinaupeza chifukwa cha chifundo. Ndinakumana ndi mayi wina wokalamba akukoka nkhumba kupita nayo kumsika wa Mitundu, ndinamukweza pamodzi ndi nkhumbayo. Sindinadziwe kuti nkhumba ikakhala pafupi ndi thumba la chimanga siganiza za msika. Wachiwiri ndinaupeza chifukwa cha ulemu. Ndinapeza masamba atayalidwa pamsewu, kusonyeza maliro. Ndinatsika pangolo monga aliyense woleredwa bwino, ndinakapepesa, ndipo anamfedwa atandiona kuti ndine munthu wodziwa kukhala pansi, anandiumiriza kudikira chakudya. Chakudya chinachedwa. Feteleza anafika tsiku linzake. Womwalirayo sindinkamudziwa, koma anthu onse ankamunena zabwino.

Tsopano za mzere wachitatu. Panjira ya ku Nathenje panali makomo angapo pomwe amayi ankafulula masese. Ine mowa sindinkaukonda. Koma munthu woyenda panjira imodzi zaka zambiri amadziwana ndi anthu, ndipo sungadutse pakhomo la wodziwana naye osapereka moni. Ndinkaimitsa ngolo, kutsika, kulowa kuseri kwa mpanda, kupereka moni, kutuluka. Ngati ndinkatuluka ndikupukuta pakamwa, n'chifukwa choti moni wautali amaumitsa milomo. Ng'ombe zinazolowera. Patapita zaka sindinkafunikanso kukoka chingwe, yofiira inkangoima yokha pakhomo loyenera. Inkadziwa ngakhale kuti lero aphika ndani. Pakhomo poti masese atha inkangodutsa osacheuka, ngati munthu amene ali ndi ngongole pamenepo.

Tsiku lina masana a manijala anatulukira panjinga yawo n'kupeza ngolo ya esiteti, yodzaza feteleza, itaima pakhomo lotere, mitambo itada. Ine ndinali m'kati mwa moni. Loweruka lake a kapitawo anaviika burashi m'penti pamaso pa anthu onse, anajambula mzere wowongoka bwino kwambiri, chifukwa dzanja analinalo, n'kundipatsa chitini.

"Mwayenda bwino, achimwene," anatero. "Mukapereke moni kumene mukupitako."

Tinasamukira kwawo kwa mkazi wanga, cha kufupi ndi Mitundu, komwe ndinakayambiranso ukamwini ndili ndi ana atatu. Apongozi anga aamuna sanandinene chilichonse choipa. Ankangoti m'mawa uliwonse atsamiritsa khasu pachitseko cha nyumba yomwe ndinkagona, mwakuti ndikatsegula linkandigwera pamapazi. Mkazi wanga nayenso sanakalipe. Bola akanakalipa. Ankangoti tikamadya, mvula n'kuyamba, amayang'ana kudenga, kenako kwa ine, kenako kudenganso.

Chitini chija anachitenga n'kuchisandutsa chotungira madzi mumtsuko. Tsono mkazi wanga, Mulungu akundimva, sankatha kuona chiwiya chokhala ndi banga. Mapoto ake ankawala mwakuti nkhuku zinkamenyana ndi nkhope zawo. Tsiku loyamba lomwelo anapita nacho kudambo, anachikwecha ndi mchenga ndi phulusa, n'kubwera nacho chikung'anima ngati changotuluka m'sitolo ya mmwenye. Mizere yonse itatu inatsala m'dambo la Mitundu. Ndimakhulupirira kuti achule a kumeneko ndi ofiirira mpaka lero. Zibowo zokha ndi zomwe mchenga unalephera.

Nkhani za ku esiteti zinkatipeza kumsika. Ngolo yanga anaipereka kwa bambo wina wachikulire, mkulu wa mpingo, munthu yemwe mowa ankaudziwa kuchokera m'maulaliki okha. Ulendo wake woyamba wa ku Nathenje, ng'ombe zinafika pakhomo loyamba la masese n'kuima. Anazikuwira, osasuntha. Anazikwapula, yakuda inangogona pansi. Anaziimbira nyimbo ya m'buku, zinamvetsera mpaka ndime yomaliza, osasunthabe. Mayi wofulula wa pakhomopo ndiye anamumvera chisoni.

"Abambo, musavutike," anatero. "Izi sizichoka mpaka woyendetsa atsike, alowe muno, atuluke akupukuta pakamwa. Tikuzidziwa ife."

Mkuluyo analimbana ndi mtima wake mpaka dzuwa linapendeka. Kenako anatsika, analowa kuseri kwa mpanda, anaima pamenepo atatsinzina, n'kutuluka akupukuta pakamwa pouma. Ng'ombe zinanyamuka nthawi yomweyo. Anachita chimodzimodzi pakhomo lachiwiri ndi lachitatu, popita ndi pobwera. Panjira pamadutsa anthu, ndipo anthu ali ndi maso. Mwezi usanathe akuluakulu anzake anamuitanitsa n'kumuimitsa kudya mgonero. Iye anafotokoza kuti ndi ng'ombe. Iwo anati pazifukwa zonse zomwe anamvapo kwa anthu akumwa, chimenechi ndiye chatsopano. Bamboyo anakabweza chikwapu kwa a kapitawo n'kupempha kuti amubwezere kumunda, ngakhale kokapha mbozi ndi manja.

Atatero palibe wina anafuna ngoloyo. Opemphera ankaopa mpingo, osapemphera ankaopa akazi awo, ndipo okonda moni ankadziwa kuti mizere itatu angaimalize sabata imodzi. Feteleza wobereketsa anali ataunjikana ku Nathenje, fodya kumunda akuyamba chikasu.

Motero m'mawa wina ndikutsegula chitseko, khasu litandigwera monga mwa masiku onse, ndinaona a kapitawo atakhala pampando pabwalo la apongozi anga, chipewa chili pabondo.

"Tangodutsa," anatero.

"Mwadutsa bwino, akapitawo. Msewu uli uko."

Anatsokomola. "Bwana akuti ngati mulibe chochita, ngolo ilipo."

"Chochita ndili nacho chambiri," ndinatero ndikutola khasu lija. "Koma poti mwayenda mtunda, ndiganizira."

Ndinaganizira mpaka mkazi wanga anamaliza kumanga mitolo, ndipo anali atayamba kumanga a kapitawo asanamalize kutsokomola.

"Mubwere ndi chitini chanu," anatero a kapitawo ponyamuka. "Zatsopano kulibe."

Loweruka loyamba nditabwerera, ndinaima pamzere wa phoso n'kupereka chitinicho. A kapitawo anachitembenuza uku ndi uku, anachiyang'ana kunsi, anachinunkhiza.

"Mizere ili kuti?"

"Mizere yanji, akapitawo?"

"Musandiyese mwana. Ndinajambula ndekha itatu."

"Ine ndachibweretsa monga chinalili kunyumba. Mwina penti yanu ndi yosalimba."

Anthu pamzere anayamba kuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. A kapitawo anaika chitini pathebulo n'kunena mokweza kuti onse amve:

"Imvani bwino. Munthu uyu walembedwa kumene. Ndi watsopano. Zibowo izi n'za munthu amene anachotsedwa uja, sizikuwerengedwa. Ayambira pa chimodzi."

Ndinamva mkazi wanga kumbuyo kwanga akuika dengu pansi pang'onopang'ono.

"Chabwino," ndinatero. "Ndiye kuti ndilibenso mlandu."

"Ayi. Milandu timaidziwa. Mizere ndiibwezeretsa penti ikabwera kuchokera ku Lilongwe. Ndipo poti ndi itatu kale, mukangolakwa kamodzi, ngakhale kuyetsemula molakwika, mwapita."

"Pepani akapitawo, ndithandizeni mutu wanga ndi waung'ono. Pa zaka ndine watsopano?"

"Watsopano."

"Pa milandu ndine wakale?"

"Wakale kwambiri."

"Nanga phoso ndilandira la anthu awiri?"

Mzere wonse unaphulika. A kapitawo sanaseke. Anandiyezera ufa wa munthu mmodzi, ndipo anausalaza pamwamba ndi chala mwakuti ngakhale nyerere sikanapezapo chitunda.

Mawu oti ufulu wa wantchito ine ndinadzayamba kuwamva pawailesi imvi zitamera kale. Nthawi imeneyo ufulu unalipo umodzi, wa dziko lonse, ndipo tinkauvinira mwezi wa Julaye. Wantchito wodandaula mokweza ankatchedwa wosokoneza, ndipo dzina limenelo linkayenda mtunda wautali kuposa mwini wake. Choncho sindinakadandaule kulikonse. Madzulo ake mkazi wanga anangoti, akusefa ufa uja:

"Zaka khumi zina m'udzu, bambo a mwana? Ndidzalowa m'malata ndili m'bokosi."

Ndinaganiza kuti ngati akuluakulu anena kuti ndine watsopano, si bwino kuwatsutsa. Ndiyenera kukhala watsopano ndi mtima wonse.

Lolemba m'mawa ndinafika paofesi malaya nditawapisira, n'kuima mwaulemu. A kapitawo anatuluka.

"Mukudikira chiyani? Kamangeni ng'ombe, feteleza akudikira."

"Zikomo bambo. Pepani, inuyo ndinu ndani pano?"



"Ndafunsa poti ndine mlendo," ndinatero. "Ndingalakwitse ulemu. Komanso khola lili mbali iti?"

Ananditengera kukhola akupuma ngati mvukuto. Ng'ombe zitandiona zinathamangira kumpanda, yakuda n'kuyamba kundinyambita khutu.

"Koma ng'ombe za kuno n'zoleredwa bwino," ndinatero. "Zimalonjera ndi alendo omwe. Goli limakhala kumutu kapena kumchira?"

Anamanga okha goli a kapitawo, thukuta lili kamukamu, ine nditagwira chipewa pachifuwa ndikuyamikira luso lawo. Atamaliza anandiponyera chikwapu.

"Nyamukani."

"Kupita kuti, bambo?"

"Ku Nathenje!"

"Ndamvapo dzinalo. Akuti n'kokongola. Amadzera kuti?"

Tsono panali lamulo pa esitetiyo, ndipo analikhazikitsa ndi a kapitawo omwewo, loti wantchito watsopano sapita yekha kulikonse tsiku loyamba. Kapitawo ayenera kumuonetsa. Ndinawakumbutsa lamulolo modzichepetsa, ndinati ndalimva kwa anzanga dzulo. Akanatha kunena pomwepo kuti ndine wakale, tikanathana. Koma anthu anali atasonkhana ndi makasu paphewa kumvetsera, ndipo a kapitawo anali munthu woti akanena mawu pagulu amawasunga ngakhale akumuwotcha. Anakwera pangolo n'kukhala pambali panga.

Ulendo unali wokoma. Mvula inali itagwa dzulo lake, chimanga m'minda chikufika m'chiuno, amayi akubandira. Ndinkafunsa dzina la mudzi uliwonse, phiri lililonse, ndi mtengo uliwonse wooneka bwino. A kapitawo anasiya kuyankha tisanawoloke dambo. Popita ng'ombe sizinaime paliponse, poti tsikulo masese anali asanapse.

Pobwerera, ngolo itadzaza, tinafika pakhomo la mayi uja wa masese okoma kuposa onse, malinga ndi zomwe anthu ankanena. Yofiira inakweza mphuno, inapotoloka pang'ono, n'kuima mumthunzi wa mango. Yakuda inaima nayo.

"Zatani?" ndinafunsa. "Zatopa?"

"Mukudziwa bwino zomwe zatani," anatero a kapitawo mano atalumana. "Tsikani mukachite zomwe mumachita."

"Ine? Akapitawo, pakhomo apa pakununkha mowa. Inu nomwe munati ndikangolakwa kamodzi ndapita. Tsiku langa loyamba pantchito ndikalowe pamowa? Mukundiyesa eti? Sinditsika pano ngakhale ngolo ipse."

Anatenga chikwapu, anakwapula m'mwamba, anakuwa. Yakuda inapinda miyendo yakutsogolo kukonzekera kugona. Kumadzulo, cha ku Dzalanyama, mitambo inali itayamba kuunjikana, ndipo feteleza sagwirizana ndi mvula. A kapitawo anayang'ana kumwamba, anayang'ana msewu mbali zonse ziwiri, n'kutsika.

Cholinga chawo chinali choti achite monga mkulu wa mpingo uja, kungoima kuseri kwa mpanda n'kutuluka. Koma mkulu wa mpingo anali munthu wamba. Awa anali a kapitawo a esiteti, ndipo mayi wofulula sangalole munthu wamkulu chotero kuchoka pakhomo pake osalawa. Ndinkamva ndili pangolo.

"Iii, akapitawo afika pakhomo panga lero! Mwana iwe, mpando! Ayi bambo, kolawa kokha, musandinyoze. Anthu adzati masese anga ndi owawasa."

Kukana cholawa pamaso pa anthu ndi chipongwe, ndipo a kapitawo, ngakhale anali ndi zina, chipongwe kwa amayi analibe. Analawa. Amene anali m'katimo anandiuza pambuyo pake kuti analawa ngati munthu wofuna kutsimikiza.

Ine ndinamva kulira kwa njinga yamoto kudakali kutali. Ndikanatha kukuwa. Koma munthu watsopano angadziwe bwanji kulira kwa njinga ya bwana wake?

A manijala anaimitsa njinga pambali pa ngolo nthawi yomwe a kapitawo ankatuluka pampanda, akupukuta ndevu ndi kuseri kwa dzanja, gaga wa masese atatsalira pamlomo wam'mwamba. Anthu atatu tinayang'anana. Ng'ombe zitaona kupukutako zinayamba kuyenda, ndinachita kuzigwira.

A manijala anali munthu wa mawu ochepa. Anazimitsa njinga, anavula magalasi, n'kuloza ine.

"Iwe. Bwanji?"

"Ine ndine watsopano, bwana. Ndayamba lero. Awa akundionetsa njira ndi malo oima."

"Kapitawo?"

Muyenera kudziwa kuti a kapitawo nawonso anali ndi chitini chawo m'sitolo, pamsomali woyamba, chodzaza zibowo mpaka kuoneka ngati sefa, chopanda mzere ngakhale umodzi. Ankachinyadira kuposa ana awo. Ndinawaona akuchiganizira chitinicho.

"Bwana, si ine," anatero. "Ndi ng'ombezi. Zimaima zokha. Sizisuntha mpaka munthu alowe umu. Woyendetsa alibe chochita, bwana, ngakhale atakhala ndani. Mkulu wa mpingo uja zinamuchita zomwezi. Palibe munthu angaimbidwe mlandu pa zimenezi."

"Palibe munthu?"

"Palibe, bwana."

Ine ndinatsokomola pang'ono, ndikuyang'ana makutu a yofiira.

"Pepani bwana," ndinatero. "Ndamva kuti panali munthu wina ankayendetsa ngoloyi ine ndisanabwere. Akuti anachotsedwa chifukwa chopezeka pakhomo lomwe lino. Akuti anali munthu wabwino kwambiri."

A manijala anayang'ana ine, anayang'ana a kapitawo, anayang'ana gaga uja. Mlomo wawo unagwedezeka mbali imodzi. Anthu omwe anagwira nawo ntchito mpaka kupuma amati kumeneko ndiye kunali kuseka kwawo konse.

"Feteleza akafike mvula isanagwe," anatero. "Mawa nonse awiri kuofesi. Ndi chitini."

M'mawa mwake tinaima kutsogolo kwa tebulo lawo, pansi pa chithunzi chomwe chinkapachikidwa muofesi iliyonse masiku amenewo. Chitini changa chinali patebulo chikung'anima. Penti inali itapezeka, sindikudziwa kuti inachoka ku Lilongwe nthawi yanji.

"Mzere wachitatu ndi wa ng'ombe," anatero a manijala. "Kapitawo wachitira umboni. Ukajambulidwe pagoli."

"Zikomo bwana. Nanga wa nkhumba uja, poti anadya chimanga ndi nkhumba..."

"Usapitirire."

Ndinaima pomwepo.

"Munthu sakhala awiri," anapitiriza. "Sankha. Ukakhala watsopano, ndikugulira chitini china, chopanda chibowo, chopanda mzere. Ukakhala wakale, zibowo zako zonse n'zako, ndi mizere iwiri ibwerera. Ukalakwanso kamodzi, wapita, ndipo sinditumanso munthu kukakutenga."

Kunena zoona, chitini chatsopano chinandikopa. Munthu wopanda mzere amapuma bwino, ali ndi malo olakwira kawiri. Wakale uja anali kuyenda m'mphepete mwa dzenje chaka chonse. Ndinapempha kuti ndikafunse kaye amene anatsuka chitinicho, ndipo sindinayende mtunda, chifukwa mkazi wanga anali panja pa zenera la ofesi, akuti ankafuna nkhuku yathu yosochera. Nkhuku tinalibe.

"Mwamva?" ndinanong'ona.

"Ndamva."

"Chatsopano chili bwino, amayi. Tiyambira poyera."

"Poyera tagonapo kale, mvula ikutinya. Kauzeni kuti ndinu wakale."

"Nanga ndikalakwa kamodzi?"

"Simulakwa," anatero, akumanga chitenje molimba. "Mlandu wachitatu mukaupalamula, musanafike kwa a kapitawo mudzayamba mwadzera kwa ine."

Ndinabwerera muofesi n'kunena kuti ndakumbukira zonse, ndine wakale. A kapitawo anajambula mizere iwiri pachitini, yowonda kuposa yoyamba ija, kenako tinapita kukhola komwe anajambula umodzi pagoli, pakati penipeni kuti ng'ombe zigawane. Yakuda sinasamale. Yofiira inakhala masiku osandiyang'ana.

Chaka chimenecho ndinakhala munthu wolungama mochititsa mantha. Agogo okoka nkhumba ndinkawapatsa moni ndi dzanja ngolo ikuyenda. Pamaliro ndinkatsika, kuvula chipewa, kuyenda wapansi mpaka kupitirira masamba, n'kukweranso, fungo la nyemba likundiitana kumbuyo. Vuto linali makomo a masese, poti ng'ombe sizinasinthe ngakhale zinali ndi mzere. Mkazi wanga ndiye anapeza njira. M'mawa uliwonse ankandipatsa chigubu cha thobwa. Ng'ombe zikaima ndinkatsika, kuzungulira kuseri kwa ngolo, pamsewu poonekera anthu onse, kumwa thobwa, n'kubwera kutsogolo kudzapukuta pakamwa pamaso pa yofiira. Tsiku loyamba inandinunkhiza mpweya, inandiyang'ana ngati mmene mumayang'anira mnzanu wakale amene wayamba kudzikweza, inapumira m'mwamba, n'kuyamba kuyenda. Amayi ofulula ankaima pamipanda yawo n'kumandikuwira.

"Alamu, mwalowa mpingo uti?"

"Mpingo wa malata!" ndinkayankha, osacheuka.

Fodya atagulitsidwa, Loweruka lina, a kapitawo anatsitsa chitini changa, anachiika pachitsa, anaimika msomali m'mphepete. Anayang'ana mizere iwiri ija, anayang'ana ine, ngati akudikira kuti mwina ndiyetsemula molakwika. Ndinagwira mpweya. Anamenya hamala. Mkazi wanga analuluta kwambiri moti agalu a ku Nathenje anayankha, ndipo pali anthu anamva.

Tinasamuka tsiku lomwelo, pangolo ya esiteti, nditapempha chilolezo kawiri pamaso pa mboni. Mtsuko unakakhala pangodya yake ija. Mvula yoyamba ya chaka chotsatira inagwa tili m'kati, ndipo malata anasokosa mwakuti sitinkamvana. Ndinaona mkazi wanga akulankhula, maso ali kudenga, ndinayandikira.

"Mukuti chiyani, amayi?"

"Ndikuti sikudontha!" anakuwa.

Anakhala pamphasa mpaka mvula inakata, osagwira ntchito iliyonse, akungoyang'ana kudenga kouma.

Mkulu wa mpingo uja anabwezeretsedwa pa mgonero a kapitawo atapita okha kukachitira umboni za ng'ombe, ngakhale sanafotokoze kuti iwo anazidziwa bwanji. Ine ndinagwira ntchito pa esitetiyo mpaka mawondo anayamba kukana kukwera ngolo. Tsiku lopuma anandipatsa chitini changa m'manja, ulendo uno ndi mawu abwino, ndipo tinabwera nacho kuno kumudzi. Mawa lake mkazi wanga anapita nacho kudambo.

Chilipo mpaka lero, pamwamba pa kabati. Zidzukulu zikamanena kuti agogo munali ovuta pantchito, ndimachitsitsa n'kuwapatsa kuti aone okha. Amawerenga zibowo mpaka kutopa. Kenako ndimawauza kuti afunefune mzere wofiira, achitembenuze mbali zonse, atuluke nacho padzuwa ngati akufuna. Sapeza ngakhale kadontho. Zaka zonsezo ndinagwira ntchito popanda mlandu ndi umodzi womwe, ndipo agogo awo aakazi, amene sananamepo chibadwire, amakhala pomwepo akusenda nyemba, osatsutsa.